Phazi Langa ndi Mapepala a Mandasi

Lolemba, 5 Juni 1995

Andigoneka lero. Bedi 7, wodi ya amayi, pafupi ndi zenera. Ndine Idesi Nankhoma wa kuseri kwa Mitundu. Zaka sindiwerenga, koma pa njala ya 49 ndinali namwali. Kope ili ndalanda kwa mdzukulu wanga, poti masiku ano a sukulu yaulere akungojambulamo abakha. Ine sukulu ndinalekezera Sabu B, zina ndinatola ku sukulu ya kwacha. Wopeza cholakwa m'malembamu akalembe lake.

Nkhani ndi phazi lakumanzere. Ndinaponda msomali m'chigafa cha fodya ku esiteti mwezi wa Epulo. Ndinathira mchere, ndinamanga nsanza, n'kupitiriza ntchito. Bala silinapole. Zala ziwiri zada bii. A dokotala, a Bester, a ndevu zochita kuwerenga, andibaya chala, ati shuga 410. Ndawafunsa kuti shuga ameneyo ndamutenga kuti ine, poti kwathu timamuona pa Khirisimasi pokha. Sanaseke.

Jakisoni wa shuga m'mawa ndi madzulo. Wa penisilini kanayi pa tsiku, kumatako. Wondidikirira ndi mwana wanga Tamanda, wayala mphasa pansi pa bedi.

Lachitatu, 7 Juni

Moyo wa muno ndi uwu: amatidzutsa ndi kagalasi ka m'khwapa, kenako jakisoni, kenako phala lozizira lopanda kanthu, kenako anamwino a Agnes amabwera ndi kangolo kawo kudzatsuka mabala. Akamamatula bandeji ndimaluma chitenje. Sindilira. Ndinabereka ana asanu ndi anayi, atatu ndinawalira kale. Misozi yotsalayi si ya msomali.

Pa bedi 8 pali a Mwanjuma a ku Nathenje, Asilamu, ogulitsa mandasi ndi mchere m'mbali mwa msewu. Anagwa pa matola akubwera ku msika wa Mitundu, ntchafu inathyoka. Mwendo wawo aupachika pa chingwe ngati mbuzi yosenda. Amuna awo a Bakali amapalasa njinga kuchokera ku Nathenje kudzawaona, osaiwala mandasi. Lero ananditambasulira awiri. A Agnes anali pomwepo: "Agogo, ayi! Shuga!" Mandasi anabwerera kwa eni ake, ine ndinatsala ndi pepala lokulungira.

Pepalalo ndiye nkhani. Ladzaza zithunzi m'timabokosi, anthu ake akulankhula m'timitambo totuluka mkamwa, Chingerezi chokhachokha. A Bakali ati amagula mapepala akale ku Lilongwe pa sikelo, okulungira malonda, ndipo chiyambire matipate akubwera a mtundu uliwonse. A Agnes ati dzina lake ndi komiki, ana a kunja amagula mwezi ndi mwezi.

Muli bambo wina wa chifuwa ngati nkhokwe, akuuluka pamwamba pa nyumba zosanjikizana. Zovala zothina kuchita kuoneka nthiti, manyazi alibe. Kumsana wamanga chitenje, koma mwana mulibe. Ndamutcha a Mbereko. Ndauza a Bakali kuti mandasi azipatsa akazi awo, mapepala azibwera pa bedi 7.

Lachisanu, 9 Juni

Shuga 360. Kutentha 37.8.

Mapepala afika anayi. Chingerezi sindichimva, ndiye ndimawayala pabedi mmene ndikuonera kuti akutsatana, n'kufotokozera wodi yonse. Ngakhale mayi wa bedi 2, amene chibwerere sanatsegule pakamwa, lero waseka mpaka kutsokomola.

Amayi anayamba kukangana kuti a Mbereko ndi a chipani chiti. Wina ati nsapato n'zachikasu, wina ati lamba ngwabuluu, wina ati onani maso obiriwirawo. Ndati khalani chete. Munthu wopulumutsa anzake asanayambe waima pa nsanja kulankhula maola atatu sangakhale wa chipani.

Chiweruzo changa pa mapepala a sabata ino. Wojambula amadziwa kujambula moto ndi galimoto, apo ndamupatsa ulemu. Koma nkhani njoperewera. A Mbereko sadya, sasamba, sapita kuseri, amayi awo sitikuwaona. Awombedwa ndi sitima yathunthu, pa kabokosi kotsatira tsitsi lili chipesere. Bala losatukusira ndi bala lanji? Wojambulayu sanapondepo msomali. Nanga nyumba zonse akugwetsa pomenyanazi, azimanganso ndani? Buku lonse mulibe ndi mmodzi yemwe woumba njerwa.

Lolemba, 12 Juni

Shuga 330. A Bester anayang'ana phazi nthawi yaitali. Anabaya zala zakudazo ndi singano, sindinamve kanthu. Kenako anakhala pa bedi langa, chinthu chimene dokotala sachita akakhala ndi nkhani yabwino.

"Agogo, zala ziwirizi zinafa kale. Tikazisiya, kuwolaku kukwera. Dokotala wodula amabwera kuchokera ku Lilongwe Lachinayi lililonse. Mukavomera, musayina pepala ili."

"Ndikakana?"

"Lero n'zala. Kenako phazi. Kenako bondo. Kenako ndi inuyo."

Ndawauza kuti nkhani yotere sayankha munthu wamkazi yekha, adikire mwini mbumba. Mwini mbumba wathu ndi mlongo wanga Yona, wamng'ono kwa ine, mwamuna yekhayo wotsala pa ana a amayi. Maukwati a ana anga, maliro, milandu, zonse zimadutsa pakamwa pake. Tamanda wapita kukamuitana.

A Mwanjuma anandiyang'ana cham'mbali. "Inu aNankhoma, mumakalipira dokotala, namwino, ndi wophika phala yemwe. Lero ndiye mwakumbukira kuti ndinu munthu wamkazi?"

Koma m'kope muno ndilemba zoona: ndikuopa mpeni.

Lachitatu, 14 Juni

Yona wabwera ndi jekete lake la ku maliro ndi nthochi zimene sandilola kudya. Zodula zala wakana. Ati pa mbumba ya a Nkhoma sanaikidwepo munthu wopunguka.

"Achemwali, Mulungu anakupatsani zala khumi zakuphazi. Mukakafika kwa malemu amayi ndi zisanu ndi zitatu, mukati zinazo munasiya kuti? Ine ndikayankha chiyani, amene anandisiyira kuti ndikusungeni?"

Ati ku Dzalanyama kuli munthu wodziwa mizu amene anapoletsa mwendo wa apongozi ake. A Bester anamufotokozera kawiri, mpaka kujambula phazi papepala. Yona anangopinda manja. "Mawu anga ndi omwewo. Lachitatu likudzali ndibwera ndi ngolo, tikayese kumudzi."

Ine Idesi, amene ndinatukwanapo kapitawo wa esiteti pamaso pa bwana wake, ndinangoti zii, kuyang'ana kudenga. Mumtima ndinapuma. Wakana ndi iye, si ine.

Lachinayi, 15 Juni

Dokotala wodula wabwera, wathandiza ena, wapita. Ine ndili ndi zala zanga khumi ndi fungo. Kutentha 38.4.

Loweruka, 17 Juni

Shuga 350. Chala chachitatu chayamba kuda. Tamanda akumamanga mpango kumphuno pondisambitsa, ati n'chimfine. Kunyumba fodya akudikira womusankha, iye ali pano kunama za chimfine.

Mapepala asanu. Mwalowa munthu watsopano: mayi wamtali wometa mpala, dzanja lamanja lachitsulo kuyambira paphewa. Pa pepala lina wagwira mzati wa chinyumba chopendekeka, atakukuta mano, anthu akuthawa mbali zonse. Pa lina a Mbereko ali kwala pansi pa miyala, chitenje chokha chikuonekera. Ndinayala bwinobwino n'kufotokoza kuti mfiti iyi ndiyo yagwetsera nyumba a Mbereko. Wodi yonse inamutukwana. Wa bedi 2 anachita kulavula pansi.

A Mwanjuma okha ndiwo anatsutsa. "Mwadziwa bwanji kuti ngwoipa?"

"Taonani dzanjalo. Munthu wabwinobwino angakhale ndi mkono ngati khasu? Lake lenileni analisiya kuti? Pali chimene anachita."

"Kaya," anatero, uku akunyambita zala za mandasi mwadala kuti ndione.

Chiweruzo: a sabata ino aposa a sabata yatha. Koyamba a Mbereko agona pansi ngati anthu ena onse. Ndikadakonda wojambula awaike pa bedi 7 sabata imodzi yokha, alawe jakisoni kanayi pa tsiku, tione ngati tsitsi likhalebe chipesere.

Lamulungu, 18 Juni

Abwera amayi a kumpingo asanu, atanyamula mbatata ndi nkhope zogwa. Anazungulira bedi n'kuyamba nyimbo imene timaimba potuluka ndi bokosi m'nyumba. Ndinawaimitsa pa vesi yoyamba. Ndati mwafulumira, azimayi, maliro ake akadali ndi makutu. Anasintha nyimbo, koma mmodzi poyang'ana phazi anapukusa mutu, n'kunong'oneza mnzake. Ndinamuona. Mbatata wadya wa bedi 2.

Lolemba, 19 Juni

Kutentha 39.2. Kunjenjemera. Andiika diripi. Pensulo ikulemera ngati munsi.

Lachiwiri, 20 Juni

Kutentha 38.6. A Agnes posintha botolo la diripi anaona mapepala anga pabedi, anaseka. "Agogo, mwasokoneza. Taonani pakona apa, pali manambala."

Zoonadi, timanambala ting'onoting'ono tobisika ndi mafuta a mandasi. A Bakali amang'amba pepala lililonse limene dzanja lagwira, ine n'kumayala za m'mutu mwanga. Titatsata manambala, a Mbereko pansi pa miyala ndi 14. Mayi uja pa mzati ndi 17. Nyumba inali itagwa kale. Iye sakugwetsa, akunyamula. Ndipo lero a Bakali abwera ndi 19, lonunkha mchere: mayi uja akukoka a Mbereko ndi chitenje chawo chomwecho, ngati mbuzi yogwera m'chitsime.

Ndinapepesa wodi yonse. Bodza ndinalinena pagulu, ndalibweza pagulu. Wa bedi 2 ati malovu ake aja sangawatole.

A Mwanjuma sanaseke. "Ndiye aNankhoma, akakudulani zalazo, ifenso tizidzati munazisiya kuti, pali chimene munachita?"

Masana a Bester anatsegula bala. Ati za zala zokha zija zinapita ndi sabata yatha. Tsopano ndi theka la phazi, chidendene chitsala. Likadutsa Lachinayi ili, chidendenecho sakulonjeza.

Wina asadzanene kuti pepala la mandasi ndilo linandiphunzitsa nzeru. Mphuno ndili nayo, fungo ndikulimva ndekha. Pepalalo langondichititsa manyazi, basi.

Lachitatu, 21 Juni

Yona anafika dzuwa lili pamutu. Ng'ombe anazimangirira pa mtengo kunja kwa mpanda, ndinkaziona pazenera. Analowa ndi bulangete m'khwapa.

"Tamanda, longedza. Achemwali, tiyeni."

"Sindipita."

"Si tinagwirizana?"

"Munagwirizana nokha. Ine ndinangokhala chete."

"Mwini mbumba ndine."

"Mbumba ndi yanu, a Nkhoma, sindikulandani. Phazi ndi langa. A Agnes, bwerani nalo pepala lija."

Anatembenukira kwa anamwino, ati popanda iye palibe kusayina. A Agnes anamuyankha mwaulemu kuti wosayina ndi mwini thupi, bola ali ndi nzeru zake. Yona ati nzeruzo ndi zimene zapita ndi malungo. Apo ndiye ulemu ndinauika pansi pa bedi.

"Iwe Yona! Chaka cha njala chija ndinakubereka kumsana kuno kuchoka kumudzi mpaka ku Nathenje kokasuma chimanga, mamina ali mpaka pachibwano, ukundikodzera njira yonse. Phazi lomweli ndilo linakuyendera. Chaka chatha ndinalowa ndekha m'kachipinda kovotera, sunandigwire dzanja. Ndinasankhira dziko lathunthu, ndilephere kusankhira phazi langa? Amayi akadzafunsa za zala ndidzayankha ndekha, pakamwa panga amapadziwa. Koma ukandinyamula lero, uyambiretu kuitana okumba manda, udzandiike wathunthu monga ukufuniramo."

Kenako wa bedi 2 anayamba nthungululu, yodukaduka ndi chifuwa.

A Agnes anabwera ndi inki yodindira chala. Ndinaikankha. Ndinalemba dzina lonse, IDESI NANKHOMA, zilembo zikuluzikulu ngati za pa thumba la feteleza, mpaka kudutsa mzere. Yona anayang'ana pepala, anayang'ana ine, anapanira bulangete lake. "Ndamva," anatero, n'kutuluka osatsanzika.

Tamanda akulira pakhonde, ati tadana ndi amalume. Mwina.

Lachinayi, 22 Juni

Osadya, osamwa. Andiveka chovala chotsegula kumbuyo, manyazi onse poyera kuposa a Mbereko. A Mwanjuma andipempherera m'Chiarabu, ine ndayankha ameni. Mapepala ndawasungitsa kwa iwo. Kabedi ka matayala kakubwera.

Loweruka, 24 Juni

Ndilipo. Chidendene chilipo. Kupweteka ngati ndaponda makala. Zala zimene kulibe zikuyabwa. Kutentha 37.5.

Lachiwiri, 27 Juni

Shuga 210. Fungo latha, chimfine cha Tamanda chathanso. A Bester ati bala lafiira bwino, ulusi achotsa sabata yamawa. Diripi achotsa, penisilini atsala masiku atatu. Andiyesa ndodo ziwiri za m'khwapa: kuchoka pa bedi 7 kufika pa bedi 4, kenako dziko linazungulira. Tamanda akumuphunzitsa kubaya jakisoni wa shuga pa lalanje. Lalanjelo ndalimvera chisoni.

Pepala lomaliza la buku lija silikupezeka. A Bakali apekula mtolo wonse, ati liyenera kuti linakwera basi ya ku Dedza ndi wogula mchere. Amayi a muwodi akufuna mathero. Ndawauza kuti a Mbereko agonekedwa, ali pa diripi, akulira ndi jakisoni, ndipo mayi uja wabwerera kwawo kukakolola. A Agnes ati mabuku amenewa satha choncho. Ndati abwere ndi pepala lotsutsa.

Chiweruzo cha buku lonse: amene walembedwa pachikuto si amene wagwira ntchito. Zimenezo si zachilendo, ku esiteti n'chimodzimodzi. Wojambula achepetseko moto, awonjezere mayi uja, ndipo tsiku limodzi atiuze amene amamuchapira, poti dzanja lenileni ali nalo limodzi.

Yona sanabwere. Sindikufunsa.

Loweruka, 1 Julayi

Yona wabwera. Anakhala pa mpando, chipewa pa bondo, maso pa bandeji. Kenako anatsamiritsa pa bedi ndodo ya mlombwa yosema yekha, ya mutu wopindika.

Ndinafunsa ngati ng'ombe zinafika bwino Lachitatu lija. Anayankha ndi Tamanda.

"Amalume sanapite Lachitatu, amayi. Anakhala m'ngolo kunja kwa mpanda ndi chisanu chonse chija mpaka Lachinayi. Anandiletsa kukuuzani."

Yona anakonza pakhosi. Ati Lachinayilo anadikira pakhomo la chipinda chodulira, n'kupempha a dokotala kuti chodulidwacho asataye. Anamupatsa. Anachikulunga m'chitenje changa chakale, n'kupita nacho kumudzi. Lachisanu m'mawa iye ndi amuna awiri anakachikwirira pambali pa manda a amayi, pamene pali malo.

"Kuti tsiku lanu likadzafika, achemwali, mudzapeze zonse zili pamodzi. Pa mbumba ya a Nkhoma saikidwa munthu wopunguka."

"Nanga unanyamula bwanji?"

"Msewu uja ngwokumbika, ngolo imadumpha. Ndinaopa kuti chigwa. Ndinachita kumanga kumsana."

A Mwanjuma anaseka mpaka chingwe cha mwendo kugwedezeka. "A Mbereko enieni ndi awa! Chitenje chawo muli kanthu!" Wodi yonse inagwa nako kuseka. Yona sanadziwe chosekedwa, anangoti ndwii, chipewa chili pa bondo.

Ine ndinayang'ana kuzenera kanthawi, m'maso munalowa kachitsotso. Kenako ndinamuuza:

"Wachita bwino, Yona. Koma ukapitanso kumeneko ukaziuze zalazo kuti zisandidikire chiimirire. Zikhale pansi, zizicheza ndi amayi. Mwini wake ali ndi fodya wosankha, abwera mochedwa."

Shuga 180. Ndayenda mpaka pakhomo ndi kubwerera, popanda wondigwira.